Za Kucotsa Miyendo ya Njinga, ndi Zitsulo Zace Zoyenera

Abale, ndi inu aphunzitsi a m'midzi, mudziwa nokha zitunda za kuno ku Chimbiya. Munthu akasenzetsa njinga thumba la mbatatesi kumka nalo kumsika wa pa mseu wa ku Lilongwe, mphamvu yace yonse itsikira pa zitsulo ziwiri zija zogwira mapedulo, zimene tiziti miyendo ya njinga. Tsiku lina mwendo uyamba kugwedera, nulira popalasa. Ndipo mwini wace atola mwala, naupanda. Njinga zambiri zafa potero, ndi katundu wace watsala panjira.

Cifukwa cace musanagwire citsulo ciri conse, yambani mwapenyetsetsa mwendowo. Pakuti miyendo yofala kuno iri ya mitundu iwiri, ndipo citsulo cothandiza pa wina ciononga unzace.

Mtundu woyamba ndi wa njinga zakuda zija, monga Raleigh ndi Humber za ku England, ndi Hero ya ku India. Mwendo wace umangika ku ekiselo ndi kotapini, ndiye kamsomali kopingasa, kophwatalala mbali imodzi, kokhala ndi nati kunsonga. Apa pafunika sipanala, nyundo, ndi paipi yacitsulo. Masulani nati kufikira alingane ndi nsonga ya kotapini, kuti mazinga angaphwanyike. Pamenepo imikani paipi pa mwala, icirikize mwendo, mutu wa kotapini ulowe m'kamwa mwace. Ndipo menyani pa nati kamodzi kapena kawiri ndi mphamvu. Kugogoda mwamantha kungopinda kotapini, nakanirira momwemo. Ndipo paipi musainyozere. Ikasowa, nkhonya yonse ya nyundo igwera timipira tacitsulo timene ekiselo izungulirapo, nisiya zipsera m'mbale zace, kotero kuti njinga idzakukuta masiku onse.

Pokagula kotapini watsopano tengani wakaleyo, pakuti ambiri ali a mamilimita 9.5, ena a 9. Mkhomereni ndi nyundo, paipi iri pansi. Nati nchito yace ndi kusunga basi, mukamkokera nayo mazinga adzaduka. Ndiponso makotapini awiriwo apenyane kosiyana: mwendo wina uli kutsogolo, wina kumbuyo, mutu wa wina ukhale kumwamba, wa mnzace pansi. Mukaphonya ici miyendo siidzaongoka, ndipo mudzapalasa ngati wotsimphina. Atapita masiku owerengeka khomeraninso, nimumangitse nati.

Mtundu waciwiri ndi wa njinga zambiri za magiya. Kotapini palibe, nsonga ya ekiselo iri ya ngodya zinai, yocepa kumapeto, ndipo bauti ikanikiza mwendo pamenepo. Cotsani kacivundikiro, masulani bauti ndi soketi ya 14 kapena kiyi ya Allen ya 8, nimuturutse wasala ngati alimo. Taonani, mwendo ukhalabe nji! Apa nyundo ndiyo mdani. Pafunika citsulo cozulira, dzina lace m'masitolo ndi crank puller. Ciloweni m'mazinga a m'kati mwa mwendo ndi zala zokha, kufikira cakhazikika conse. Pamenepo potozani cam'kati cace ndi sipanala, ndipo cidzakankha ekiselo, mwendo nuzuka wokha. Miyendo yambiri yotere ndi ya aluminiyamu, citsulo cofewa. Wofulumira amene alowetsa cozulira theka lokha asomphola mazinga onse, ndipo mwendo umene anafuna kuukonza ayenera kuudula.

Za mapedulo kumbukirani ici: amasuleni ndi sipanala ya 15 miyendo ikali panjinga. Pedulo wa kumanzere mazinga ace ndi otembenuka. Ambiri ayesa alikumasula, pamene alikumangitsa. Imikani sipanala cogwirira cace ciri kumwamba, nimucikankhire kumbuyo kwa njinga. Atero mapedulo onse awiri.

Kapena wina adzati, Ndidzagula bwanji cozulira, cimene ndicifuna kamodzi pa caka? Musagule nokha. Sonkhani anthu asanu kapena khumi, cisungike pa sukulu; kapena pitani kwa wokonza njinga, ndipo musanampatse yanu mfunseni ngati ali naco. Akulu anati, Safunsa anadya phula. Inu aphunzitsi, onetsani anyamata mitundu iwiriyi pa njinga zoima pabwalo, kuti adziwe kupenya asanakweze nyundo.