Kusamuka ku dambo la kachasu

Madzi atasefukira mu Januwale 2015, anthu ambiri a ku Makhanga ku Nsanje anawapulumutsa n'kupita nawo kumtunda. Madzi ataphwa, ambiri anabwerera. Akutali ankadabwa kuti munthu angabwerere bwanji kumene anatsala pang'ono kufera. Ife a kuchigwa sitidabwa. Dimba lili komweko, nsomba zili komweko, manda a makolo ali komweko. Kumtunda kunali tenti yokha.

Munthu wofuna kusiya kachasu ali ngati wa ku Makhanga ameneyu. Pamalo omwera ndi pamene pali anzake, pamene amaiwalira ngongole ndi manyazi. Mukamuuza kuti "siya" basi, mwamuika mu tenti. Malipiro akangotuluka, chibaba chimamutsetseretsa kudambo.

Choyamba chomuthandiza ndi bwato, ndipo bwatolo ndi chipatala. Amene wamwa tsiku ndi tsiku kwa zaka, akasiya mwadzidzidzi amanjenjemera ndi kutuluka thukuta. Ena amagwa ngati akhunyu kapena kuona zinthu zoti palibe, makamaka masiku awiri kapena atatu oyamba. Zimenezi zimapha. Zimandipweteka ndikaona abale akuti ndi ziwanda n'kumusalitsa kudya, pamene thupi lake likufuna dokotala. Mupemphereni muli naye panjira yopita kuchipatala.

Koma bwato limangokuwolotsa, silikupatsa munda. Mundawo ndi umene moyo wauzimu umapereka. Madzulo amene ankathera pa botolo amathera ku kwaya, ku mphakati kapena ku mzikiti. Pali anthu omufunsa akapanda kuoneka. Ndipo munthu amene mudzi wonse unkamutchula "chidakwa chija" amamva kuti Mulungu akumudziwabe ndi dzina lake. Kwa ine apa ndiye pagona nkhani, chifukwa manyazi amamwetsa mowa kuposa ludzu. Gulu la Alcoholics Anonymous, limene Bill Wilson ndi Bob Smith anayambitsa ku Akron ku America mu 1935, linamanga pomwepa: kuvomera kuti wekha walephera, kutsamira pa mphamvu yokuposa, ndi kukumana kawirikawiri ndi anzako a vuto lomwelo.

Ena amabwererabe kudambo, ndipo mipingo ina imathamangira kuwadula. Madzi anabweranso kuchigwa mu 2019, mu 2022 ndi mu 2023. Nthawi zonsezo opalasa mabwato anapitanso kukatenga anthu omwe aja.