Ndege ya asilikali imauluka cifukwa ca anthu a pansi

Mwezi wathawu, titaweruka ku phunziro lathu ku Zóbuè, mayi wina anatsalira m'kalasi. Nkhope yao inaonetsa nkhawa. Mwana wao wakwanitsa zaka 18, ndipo akuti akufuna kulowa usilikali, mbali ya ndege. Anandifunsa ngati mwana wa mlimi wa mbatata angathe kuyendetsa ndege. Ndinawayankha kuti n'zotheka ndithu, koma oyendetsa ndege ndi ocepa kwambiri. Munthu mmodzi akakhala m'mwamba, ndiye kuti pansi pali gulu lonse la anthu amene amukonzera ulendowo. Nkhani ino ndi ya anthu a pansiwo.

Tiyambire pafupi. Mukakwera chapa ku Moatize kupita ku Tete, mukaoloka mtsinje wa Revúbuè, mumadutsa pafupi ndi bwalo la ndege la Chingodzi. Lero pamatera ndege za anthu apaulendo. Koma m'nthawi ya atsamunda, Apwitikizi anali ndi malo ao a ndege za nkhondo pomwepo. Malowo ankawachula kuti AB7. Panali ndege za Fiat G.91 ndi mahelikopita a Alouette. Agogo athu amakumbukira kulira kwake, ndipo sakumbukira ndi cimwemwe ayi. Pa 16 Disembala 1972, asilikali amene anapha anthu ku Wiriyamu anafika kumeneko pa mahelikopita.

Helikopita yomweyo imathanso kupulumutsa. M'caka ca 2000, madzi atasefukira ku Gaza, mayi wina anabereka mwana ali mumtengo kufupi ndi Chibuto. Helikopita ya asilikali a ku South Africa ndi imene inawacotsa. Mu Malici 2019, namondwe wa Idai atakantha Beira ndi Búzi, anthu ambiri anacotsedwa pa madenga ndi m'mitengo m'njira yomweyo. Ife kuno tikudziwa kuti mseu umaduka. Paja mu Januwale 2022, nthawi ya namondwe wa Ana, mlatho wa pa Revúbuè unaduka. Tsiku lotero, funso limakhala limodzi: kodi helikopita ilipo, yabwinobwino, ya mafuta, yoti inyamuke tsopano lino?

Yankho la funso limeneli lili m'manja mwa magulu atatu a anthu.

Oyamba ndi okonza maulendo. Iwo amaona nyengo, njira, ndi malo otera. Amawerenganso kulemera kwa katundu. Mukudziwa mmene chapa imavutikira pa zitunda za ku Zóbuè ikadzaza matumba. Koma chapa ikalephera, imaima m'mbali mwa mseu, anthu n'kutsika. Ndege ilibe m'mbali mwa mseu. Ndipo pali cinthu cina cimene ambiri sitidziwa. Kukatentha kwambiri, mpweya umapepuka, ndipo mapiko sagwira mpweyawo bwino. Conco masana a mwezi wa Okutobala ku Tete, helikopita imanyamula katundu wocepa kuposa m'mawa wa mwezi wa Juni. Wokonza ulendo amatenga cifundizi ca tsikulo, kulemera kwa mafuta, kwa anthu ndi kwa matumba, n'kuwerengera. Akanena kuti matumba atatu atsale, amatsala, ngakhale mkulu atakwiya.

Aciwiri ndi amakaniko pamodzi ndi amene amawayang'anira. Apa ndikhalitsa pang'ono, cifukwa ndi pamene pali mtima wa nchitoyi.

Ife njinga yathu timaikonza ikaonongeka. Cheni ikaduka, ndiye timapita kwa makaniko. Ndege sacita nayo tero. Citsulo ca ndege amacicotsa cisanafe. Zitsulo zambiri zili ndi moyo wake wowerengeka, wa maola akutiakuti ouluka, kapena wa zaka zakutizakuti. Maolawo akakwana, amacimasula ngakhale cikuoneka catsopano. Amene mwagwirapo nchito ku migodi ya malasha ku Moatize mukudziwa zimenezi. Magalimoto akuluakulu aja sawerenga makilomita okha, amawerenga maola a injini. Ku ndege n'cimodzimodzi, koma malamulo ake ndi okhwima kwambiri.

Nanga amadziwa bwanji kuti maola akwana? Amadziwa cifukwa ca buku. Ndege iliyonse ili ndi buku lake, injini iliyonse ili ndi lakenso. Ndege ikatera, amalemba maola amene yauluka. Woyendetsa akamva kugwedera kwacilendo, amalemba. Makaniko akakonza, amalemba cimene wacita, n'kusaina dzina lake. Pa nchito zina zikuluzikulu, munthu waciwiri amabwera kudzaona, iyenso n'kusaina. Popanda siginecha imeneyo ndege sinyamuka. Ine monga mphunzitsi ndimakonda mfundo iyi, sindibisa. Munthu wa manja aluso koma wosatha kuwerenga angakonze njinga yamoto. Ndege sangaloledwe kuikhudza.

Pali miyambo ina ya nchitoyi imene ingakusekeseni poyamba. Makaniko asanayambe, amawerenga masipanala ake. Akamaliza, amawerenganso. Imodzi ikasowa, onse amaima n'kuyamba kufunafuna, cifukwa mwina yatsala m'kati mwa ndege, ndipo ingakakole zingwe zoongolera ili m'mwamba. Asilikali amayendanso pa mzere pa bwalo, maso pansi, kutola timiyala ndi tizitsulo. Injini ya ndege imakoka mpweya mwamphamvu. Kabauti kamodzi kakalowamo, kamaswa injini ya ndalama zosaneneka. Fumbi nalo ndi mdani. Fumbi lathu la cilimweli limadya zitsulo za m'kati mwa injini pang'onopang'ono, ngati mmene mcenga umadyera khasu.

Tsono woyang'anira amakaniko, nchito yake n'ciyani? Iye nthawi zambiri sagwira sipanala. Amagwira ndondomeko. Tiyerekeze kuti ali ndi mahelikopita anai. Akawaulutsa onse mofanana, onse adzafika nthawi yokonzedwa mwezi umodzi, ndipo mwezi umenewo sipadzakhala youluka. Conco amasiyanitsa maola ao. Imodzi ikamalowa kokonza, ina ikhale ikutuluka. Ndipo ngati ali wanzeru, amaonetsetsa kuti nchito zikuluzikulu zatha dzinja lisanafike, pakuti madzi amasefukira pakati pa Januwale ndi Malici. N'cimodzimodzi mlimi amene amafolera nyumba mvula isanagwe.

Gulu lacitatu ndi la osunga ndi kubweretsa katundu. Pa Cipwitikizi nchitoyi amati logística. Mafuta a ndege zambiri ndi a mtundu wa parafini, oyengedwa bwino, ochedwa Jet A-1. Amabwera pa sitima za pamadzi kufika ku madoko monga Beira ndi Nacala, kenako pa mathanki. Mumawaona mathanki a mafuta osiyanasiyana akukwera mseu wa N7 kupita ku malire. Mafuta a ndege akafika, amawayesa ngati mulibe madzi kapena zinyalala. Zipangizo zosinthira ndiye mutu waukulu. Ndege zathu zambiri zakale, monga MiG-21, Antonov An-26 ndi helikopita ya Mi-8, zinapangidwa ku Soviet Union. Kacitsulo kake simungakapeze pa msika wa Kwachena. Kamacokera kunja, ndipo kamatenga miyezi. Wosunga katundu ayenera kuitanitsa lero cimene cidzafunika caka ca mawa. Akaiwala, amakaniko amayamba kumasula citsulo pa ndege ina kuti aike pa inzake. Mukatero kawiri katatu, ndege yomasulidwayo imasanduka cigoba.

Zimenezi zinacitikadi m'dziko lathu. Nkhondo itatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndege zambiri za asilikali zinaima. Ndalama zozisamalira panalibe. Zinakhala padzuwa ndi pamvula zaka zambiri mpaka kucita dzimbiri. Palibe mdani anaziombera. Pambuyo pake boma linatumiza ndege 8 za MiG-21 ku Romania, ku kampani ya Aerostar, kuti zikakonzedwe, ndipo nchitoyo inatha mu 2014.

Citsanzo cina cili tsidya la malire, ndipo inu a ku Zóbuè munacimva pa wailesi za ku Malawi. Pa 10 Juni 2024, ndege ya asilikali a Malawi ya mtundu wa Dornier 228 inanyamuka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu. Inagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Anthu onse 9 anafa, pamodzi ndi waciwiri kwa pulezidenti, a Saulos Chilima. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza anaona kuti ndegeyo inkauluka m'munsi, m'nyengo yoipa, kutsogolo kusakuoneka bwino. Koma anapezanso kanthu kena. M'ndege mumakhala kacipangizo kamene kamalira pa wailesi ndege ikagwa, kuti ofunafuna adziwe pamene ili. Batire ya kacipangizoko inali itatha nthawi yake mu 2004. Batireyo si imene inagwetsa ndege, timvetsetsane. Koma kacipangizoko sikanaitane aliyense, ndipo ndegeyo inapezeka mawa lake. Tsiku lotha nchito la batire ndi mzere umodzi cabe m'buku.

Tsopano tibwerere kwa mayi aja. Kodi mwana amalowa bwanji?

Khomo loyamba ndi kalembera wa usilikali, recenseamento militar. Amacitika kumayambiriro kwa caka, mu Januwale ndi Febuluwale, kwa anyamata ndi atsikana amene akukwanitsa zaka 18. Inde, atsikananso. Mwana apite ndi BI yake kapena cikalata ca kubadwa, ndi satifiketi ya kusukulu. Kulembetsa sikutanthauza kuti watengedwa kale. Amene aitanidwa amakayesedwa thupi, maso ndi makutu. Dziwaninso kuti lamulo linasintha. Kumapeto kwa 2023 Nyumba ya Malamulo inavomereza kuti nthawi yotumikira ikwere kucoka pa zaka 2 kufika pa zaka 5.

Gulu la ndege, Força Aérea, ndi nthambi imodzi ya asilikali a dziko, FADM, amene anakhazikitsidwa mu 1994. Malo ake akuluakulu ali ku Maputo, ku Beira ndi ku Nacala. Conco mwana wa kuno akalowa, adzakhala kutali ndi kwao. Amene akufuna kukhala ofisala amapikisana pa mayeso olowera ku Academia Militar Marechal Samora Machel ku Nampula, ndipo pamafunika kalasi 12. Masajeni amaphunzira ku sukulu yao ku Boane. Malo ndi ocepa, ofuna ndi ambiri. Cimene cimathandiza ndi masamu, fizika ndi Cipwitikizi cabwino. Cingerezi naco n'cofunika, pakuti mabuku ambiri a ndege ndi olembedwa m'cinenero cimeneco. Apa ana a m'malire muno ali ndi mwai, cifukwa ambiri amacimva kale cifukwa ca ku Mwanza.

Cenjerani ndi anthu amene amabwera pakhomo n'kunena kuti mukawapatsa ndalama kapena mbuzi, adzalembetsa mwana wanu ku ndege. Ndaonapo banja likugulitsa ng'ombe cifukwa ca lonjezo lotere, munthuyo osaonekanso. Kulembetsa usilikali n'kwaulere.

Sindinawabisire mayiwo mbali yowawa. Usilikali ndi usilikali. Ku Cabo Delgado kuli nkhondo kuyambira mu Okutobala 2017, ndipo makaniko wa helikopita amapita kumene helikopita yapita. Msilikali sasankha malo, ndipo sangasiye nchito tsiku limene wafuna. Malipiro a woyamba kumene ndi ocepa. Mbali yabwino ndi yakuti luso silitsala ku kampu. Munthu wodziwa injini, magetsi, kusunga katundu ndi kulemba mabuku a makina angadzagwire nchito ku bwalo la ndege, ku njanji, ku doko, kapena ku migodi konkuno.

Mayiwo anandiuza kuti mwanayo ali m'kalasi 11. Tinagwirizana kuti akalembetse kalembera akatsegulidwa, monga lamulo likunenera, koma sukulu asaisiye. Amalize kalasi 12. Pakadali pano amathandiza malume ake kukonza njinga zamoto pa msika Loweruka. Ndinapempha kuti agule kope la masamba 48. Njinga iliyonse ikabwera, alembe tsiku, cimene caonongeka, cimene wasintha, ndi tsiku loti idzabwerenso kudzathira oilo. Mayiwo anati kopelo adzaliyang'ana okha Lamulungu lililonse, popeza tsopano amatha kuwerenga madeti.