Buleki ya injini: chifukwa chake malole amalira potsika phiri

Anthu okhala m'mbali mwa msewu wochokera ku Blantyre kupita ku Chikwawa amalidziwa bwino phokoso la malole akamatsika kulowera ku Thabwa. Ena amaganiza kuti injini yawonongeka. Koma nthawi zambiri kulirako ndi kwa buleki ya injini, chipangizo chomwe chimateteza dalaivala, okwera ndi anthu oyenda pansi.

Msewuwu umachoka ku Blantyre, mzinda womwe uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pomwe pali nyanja ya mchere, n'kutsikira kuchigwa cha Shire. Pamtsetse wautali chotere, dalaivala wa lole, basi kapena galimoto yaikulu ya alendo yokhala ndi pogona ndi pophikira mkati akamangopondereza buleki ya phazi, mabuleki amatentha mpaka kuleka kugwira. Zikatero galimoto imathamanga yokha, ndipo amene amakhala pangozi ndi ana a sukulu, amayi ogulitsa malonda ndi okwera njinga m'mbali mwa msewu.

Injini ya petulo imachepetsa liwiro payokha dalaivala akachotsa phazi pamafuta, koma ya dizilo imachita zimenezi mochepa kwambiri. Vutoli adakumana nalo Clessie Cummins wa ku America mu 1931, pomwe mabuleki a lole yomwe ankayendetsa adatentha potsika Cajon Pass ku California. Iye adapulumuka mwamwayi, ndipo patapita zaka adapanga buleki ya injini yomwe kampani ya Jacobs idayamba kugulitsa mu 1961.

Buleki imeneyi imatsegula mavalavu a utsi pamene pisitoni yatsala pang'ono kumaliza kupanikiza mpweya. Mpweyawo umatuluka mwamphamvu usanakankhe pisitoni kubwerera pansi, motero injini imayamba kugwira matayala m'malo mowakoka. Phokoso lija limachokera pamenepa. Magalimoto ena ali ndi mtundu wina womwe umangotseka pang'ono paipi ya utsi. Umenewu sulira kwambiri, komanso mphamvu yake ndi yocheperako.

Dalaivala wosamala amaika giya yotsika ndi kuyatsa buleki ya injini asanayambe mtsetse, pakuti imagwira bwino injini ikamazungulira mofulumira. Liwiro likakwera, amaponda buleki ya phazi mwamphamvu kwa kanthawi, n'kuisiya kuti izizire. Kuchotsa giya pofuna kusunga mafuta n'koopsa, chifukwa injini ikalekanitsidwa ndi matayala, buleki yake ilibenso ntchito.

Komabe chipangizochi chili ndi malire. Sichiimitsa galimoto kotheratu, choncho mabuleki a phazi ayenera kukhala abwino nthawi zonse. Pamsewu woterera ndi mvula kapena matope, makamaka galimoto ikakhala yopanda katundu, chikhoza kuchititsa matayala a kumbuyo kutsetsereka. Pamenepo dalaivala amachizimitsa kapena kuchepetsa mphamvu yake, n'kutsika pang'onopang'ono. Pamalo athyathyathya pafupi ndi sukulu, zipatala ndi nyumba za anthu, ndi bwino kusachigwiritsa ntchito popanda chifukwa, makamaka usiku.

Nawonso anthu a m'mawodi odutsa misewu yotere ali ndi mbali yawo. Makomiti a chitukuko a m'midzi angathe kukambirana ndi khonsolo zochotsa malonda pamakhota ndi m'munsi mwa mitsetse. Ndipo wokwera basi akamva fungo la mabuleki opsa, kapena akaona dalaivala akutsika wachotsa giya, asachite manyazi kumuchenjeza galimoto isanafike pakhota lotsatira.