Akangaude ang'onoang'ono a mtundu wa Erigone

Si kangaude aliyense wa m'munda amene amaononga mbewu. Akangaude a mtundu wa Erigone amadya tizilombo tina, choncho ndi bwino muwadziwe musanapope mankhwala.

Akatswiri amaika Erigone m'banja la Linyphiidae, lomwe ndi lachiwiri kukula mwa mabanja onse a akangaude. Loyamba ndi la akangaude odumpha, Salticidae. Dzina lakuti Erigone linaperekedwa ndi Jean Victoire Audouin wa ku France mu 1826, ndipo mitundu yake yodziwika lero imaposa 100. Ambiri safika mamilimita atatu kutalika, ndipo ndi akuda kapena oderako. Aamuna ali ndi timinga m'mbali mwa mutu ndi pa nsagwada, koma simungatione popanda galasi lokulitsira zinthu. Ngakhale akatswiri amene amawasiyanitsa pogwiritsa ntchito maikulosikopu.

Mitundu yambiri imapezeka m'madera ozizira a ku Ulaya, Asia ndi North America. Erigone atra ndi Erigone dentipalpis ndi ofala m'minda ya tirigu ku Ulaya, komwe amadya nsabwe za m'mbewu zikagwera pansi. Erigone prominens amapezeka ku Asia ndi kuno ku Africa.

Nanga kanthu kochepa chonchi kamafika bwanji kutali? Kangaudeyu amakwera pansonga ya udzu, n'kutulutsa ulusi, mphepo n'kumunyamula. N'chifukwa chake amakhala m'gulu la oyamba kubwerera m'munda wolimidwa kumene. Akatera amayala kaukonde kake pansi penipeni, pakati pa zibuma kapena pansi pa zinyalala.

Musawasokoneze ndi akangaude ofiira amene amaononga tomato. Amenewo kwenikweni ndi nthata za m'zomera. Safika milimita imodzi, amaunjikana kunsi kwa masamba n'kumayamwa madzi mpaka masamba achite chikasu ndi kuuma. Erigone sayamwa mbewu konse.

Mankhwala opha tizilombo tosiyanasiyana, monga deltamethrin ndi cypermethrin, amaphanso akangaude othandizawa. Yenderani munda wanu kaye, ndipo popani pokhapo pamene mwaona tizilombo toononga. Musatenthe mapesi mukakolola. Agonekeni m'munda kuti akangaude apeze pobisala. Ngati mukukayika kuti kachilombo kamene mwapeza n'kotani, katengereni kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu.