Chitsulo chogogoda usiku ku New York

Usiku wanga woyamba m'nyumba yakale ku New York ndinadzidzimuka ndi phokoso ngati wina akumenya paipi ndi hamala. Wolakwa ndinali ine ndemwe: poopa kutentha, ndinali nditatseka theka valavu ya rediyeta.

Nyumba zoterezi zimafunda ndi nthunzi yochokera m'boyila wa pansi. Nthunziyo ikalowa m'rediyeta imazizira n'kusanduka madzi, ndipo madziwo ayenera kubwerera kwawo. Pamene paipi ili imodzi, nthunzi ndi madzi zimapatukirana m'njira yomweyo. N'chifukwa chake valavu imakhala m'munsi, rediyeta n'kupendekera pang'ono komweko, pomwe kabowo kotulutsa mpweya kamakhala mbali inayo. Mukatseka theka, madzi amatsakamira, nthunzi n'kuwawombetsa pachitsulo. Tsegulani yonse kapena tsekani yonse.

Pamene mapaipi ali awiri, valavu imakhala polowera nthunzi, ndipo kumapeto kwinako, pansi penipeni, amaikako steam trap. Kachipangizoka kamatulutsa mpweya ndi madzi, koma kakangomva kutentha kwa nthunzi kamadzitseka. Kakakhala m'mwamba madzi sangakafikire, paja madzi sakwera phiri.

Kutacha ndinatsegula valavu yonse. Usiku wotsatira ndinagona tulo tofa nato.