Zitsime Zimene Satungapo Madzi Akumwa

Nkhani ya madzi ochokera m'zimbudzi za m'mizinda ndi imene anthu ambiri sakonda kuikamba poyera. Koma ife a nyuzi ino tikuona kuti ndi yofunika kuikamba, pakuti m'maiko ena madzi omwewo, atayeretsedwa, akuthirira minda imene ikudyetsa anthu miyandamiyanda.

Taonani za ku Israel. Mzinda wa Tel Aviv pamodzi ndi mizinda yoyandikana nawo, m'mene mukukhala anthu oposa 2 miliyoni, imatumiza madzi ake onyansa ku malo otchedwa Shafdan, pafupi ndi Rishon LeZion. Kumeneko madziwo amayamba ayeretsedwa ndi makina, kenaka amatsanulidwa m'maiwe akuluakulu okumbidwa pamchenga. Ntchito imeneyi inayamba m'chaka cha 1977. Dziwe amalidzaza, nalileka masiku angapo kuti liume ndi kuti mpweya ulowenso m'nthaka, pakuti tizilombo ta m'nthaka timene timadya zonyansa timafuna mpweya. Madziwo amasefeka potsika mumchenga, nasungika pansi kwa miyezi yambiri kufikira atapopedwa. Kuyambira m'chaka cha 1989 paipi yaikulu imawatengera kum'mwera, ku chipululu cha Negev, ndipo alimi amalandira malita oposa 100 biliyoni chaka ndi chaka.

Tsono chovuta nachi. Pansi pomwepo pamene akusungapo madzi othirira mpamenenso pali madzi amene mizinda ya m'mbali mwa nyanja imamwa, ndipo pakati pake palibe khoma. Chimene akatswiri anachita ndi kukumba mijigo yopopa mozungulira maiwewo, kotero kuti madzi a m'maiwe amakokedwa ndi mijigoyo asanapitirire kumene anthu amatunga akumwa. Koma munthu angadziwe bwanji kuti zimene zikuchitika pansi pa nthaka, kumene diso silifika, zikuyenda monga anakonzera?

Apa mpamene pali ntchito ya zitsime zoyezera. Chitsime chotere ndi paipi yopapatiza yolowetsedwa pansi, yotsekedwa pamwamba, ndipo palibe mayi amene amafikapo ndi ndowa. Amene amafikapo ndi woyeza, kudzaona pamene madzi alekeza ndi kutungako pang'ono m'botolo kupita nawo kokapima. Amafufuza majeremusi, zitsulo zosungunuka, ndiponso nitrate, amene akapyola mamiligalamu 50 pa lita imodzi ndi woopsa kwa makanda, monga mwa muyeso wa bungwe la zaumoyo la WHO. Amayezanso mchere wa chloride, umene mchenga sutha kuugwira. Mchere umenewu uli ngati mapazi a nyama pamatope: ukayamba kuchuluka m'chitsime chakutali, ndiye kuti madzi a m'maiwe afikako.

Ndipo tisaganize kuti mchenga ndi wosatopa. Ntchitoyi itayenda bwino kwa zaka zoposa 20, madzi a m'mijigo ina anayamba kutuluka ndi chitsulo cha manganese chochuluka, chimene chinkatseka timapaipi ta alimi todontheza madzi. Mpweya unali utachepa pansi, ndipo chitsulo chimene chinali chigonere mumchenga chinayamba kusungunuka. Kupima chitsime ndi chitsime ndiko kunasonyeza mbali imene vutolo linali.

Kuno kwathu mizinda ikukula, ndipo maiwe osungira madzi onyansa, monga a ku Kauma mumzinda wa Lilongwe, tili nawo kale. Mabanja ambiri a m'mphepete mwa mizinda amamwa madzi a m'zitsime zosazama ndi m'mijigo. Sitinaiwale kuti mliri wa kolera wa m'zaka za 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Nchifukwa chake tikupempha makhonsolo a mizinda kuti pamene akukonza zomanga maiwe atsopano, kapena zopereka madzi oyeretsedwa kwa alimi a m'madimba, ndalama za zitsime zoyezera zilembedwe pamodzi ndi za simenti ndi mapaipi. Zitsimezo zikumbidwe madzi asanatsanulidwe m'dziwe, kuti adziwike m'mene madzi a pansi analili poyamba. China chikhale kumtunda kumene madzi a pansi akuchokera, zina kumunsi, pakati pa dziwe ndi mjigo woyandikira wa anthu, ndipo zotsatira za kupimako zidziwitsidwe kwa mafumu ndi kwa eni mijigoyo.