Funsani Musanamange Mpanda Wautali

Nyengo ya madimba ikafika, achikumbe amamweta udzu ndi kudula mitengo yomangira mipanda kuti mbuzi ndi nkhuku zisaononge ndiwo. Imeneyi ndi ntchito yabwino, koma kutalika kwa mpanda si nkhani ya mwini dimba yekha.

M'miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa limadzera chakumpoto, choncho mthunzi umagwera kummwera. Kuno kwathu mpanda wa mamita 2 umaphimba malo okwana pafupifupi mita 1.5 dzuwa lili paliwombo, ndipo m'mawa ndi madzulo mthunziwo umatalikirapo. Ngati dimba la mnzanu lili kummwera kwa lanu, matimati ndi mpiru wake wa m'malire sizikula bwino. Mkangano umayambira pamenepo.

Tsono musanazike mitengo, kambiranani ndi mnansi wanu pamaso pa amfumu. Onetsetsaninso kuti mpandawo usatseke njira ya kuchitsime kapena ngalande ya madzi.

Inu amene mwamanga nyumba m'tauni ndi ndalama za mbewu, dziwani kuti kumeneko mpanda wa njerwa umafuna chilolezo cha khonsolo. Zomangamanga zimayendera lamulo la Physical Planning Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa la 1988. Mukafuna mpanda wotalika kuposa muyeso umene khonsolo imalola, lembani kalata yopempha, fotokozani chifukwa chake, monga kuopa akuba, ndipo dikirani yankho. Mpanda womangidwa popanda chilolezo ukhoza kugwetsedwa, ndalama za thukuta lanu n'kulowa m'madzi.